Chida choimba osachikhudza chija, theremin, mutha kupanga nokha?

Pa ma email a sabata ino panali imodzi yochokera kwa achimwene ena okonza mawailesi, akuti anaona kavidiyo pa YouTube mayi wina akungoyendetsa manja m'malere nyimbo nkumatuluka, ndiye akufunsa ngati si zachinyengo, komanso ngati angathe kupanga chawo ndi zipangizo za pa benchi pawo.

Achimwene, si chinyengo ayi, ndipo si chatsopano. Chida chimenechi dzina lake ndi theremin, anachipanga ndi katswiri wa ku Russia, Lev Termen, amene ku America ankamutcha Leon Theremin, cha mu 1920. Mu 1922 anakachiimba pamaso pa Lenin, mtsogoleri wa dziko la Russia nthawi imeneyo, kenako atapita ku America kampani ya RCA inayamba kuchigulitsa mu 1929. Ngakhale Robert Moog, wotchuka popanga ma synthesizer (zida zoimbira zamagetsi), anayambira pogulitsa ma theremin m'ma 1950.

Poti inu ndinu a mawailesi, apa simuvutika. Mkati muli ma oscillator awiri, zigawo zotulutsa mafunde amagetsi, othamanga kwambiri moti khutu silingamve, imodzi ndi yokhazikika, inayo yalumikizidwa ku eliyo yoimirira ya pa chidacho. Dzanja lanu likayandikira eliyo limagwira ntchito ngati mbali imodzi ya capacitor (kachipangizo kosunga magetsi), ndiye frequency, kapena kuti liwiro la mafunde, ya oscillator yachiwiriyo imasuntha pang'ono, ndipo chimene mumamva pa sipika ndi kusiyana kwa awiriwo basi. Mwachitsanzo ina ikakhala pa 200,000 Hz inayo pa 200,440, mumamva 440, noti ya A. Eliyo yachiwiri, yopindika, yakumanzere, ndi ya voliyumu, dzanja likatsikira pafupi mawu amazima, mukalikweza amakwera.

Zopanga ndiye zotheka ndithu koma muchenjere ndi ma circuit odzaza pa intaneti a kachipu ka 555 timer ndi LDR (kachipangizo komva kuwala) amene amawatchanso theremin. Amenewo amayendera kuwala, mthunzi wa dzanja ndi umene umasintha mawu, ndi abwino kuseweretsa ana asukulu koma nyimbo yeniyeni simuimbapo, kamangolira ngati udzudzu. Ine ndingati pitani ku Open Theremin, ya ku Switzerland, yoyendera Arduino (kabolodi ka kompyuta kakang'ono), ma schematic ake, mapulani a kalumikizidwe kake, ali poyera aliyense atha kutenga. Mukafuna ya analog yeniyeni, yopanda kompyuta mkati, konzekani kulimbana ndi ma coil, chifukwa kutentha kukangosintha pang'ono tyuni imathawa, nchifukwa chake oimba amayamba aiyatsa kaye nkuisiya kwa mphindi zingapo asanaichune.

China chimene anthu ambiri amaiwala ndi earth. Soketi yopanda earth kapena mukuyendetsa ndi power bank, chidacho chimafooka, manoti onse amapanikizana pafupi ndi eliyo. Ndipo musachiike pafupi ndi zitsulo kaya khoma, ngakhale munthu wongodutsa kumbuyo kwanu amasokoneza noti.

Koma zoona zake, kupangako ndi kochepa, ntchito ili pakuimba. Gitala ili ndi ma fret, kiyibodi ili ndi makiyi, apa palibe chogwira, muli ndi khutu lanu lokha, ndipo mukangogwedezeka thupi noti yachoka. Clara Rockmore amene ambiri amati palibe anamuposa pa chida chimenechi anali kale katswiri wa violin kuyambira ali mwana, khutu analikonza kalekale. Masiku ano Carolina Eyck wa ku Germany amaphunzitsa njira yoti mkono uzikhala malo amodzi, zala zokha nkumasintha kaimidwe pa noti iliyonse, mavidiyo ake muwafufuze.

Poyamba sankhani nyimbo yakutchalitchi yoyenda pang'onopang'ono imene mumaidziwa pamtima, wina azikuimbirani pa kiyibodi inu muzitsatira. Ndipo dzanja lamanzere lisagone, ndi limene limadula mawu pakati pa noti ndi noti, popanda ilo zonse zimangotsetsereka pamodzi ndipo aneba abwera kudzafunsa kuti kwagwanji. Mukafika pa ma coil munditumizire chithunzi cha bolodi yanu tione limodzi.