Tsiku limodzi ku Louvre: muyambire pansi, Mona Lisa abwere pambuyo

Mayi, mwafunsa ngati ndi bwino kuti inu ndi ana anu mupatule tsiku lathunthu ku Louvre, nyumba yaikulu yoonetseramo zithunzi ndi zinthu zakale, pa ulendo wanu wochokera ku London kupita ku Paris, kapena mungolowa kukaona chithunzi cha Mona Lisa n'kutulukamo. Ine ndikuti tsikulo lipatuleni, koma musapite ndi mtima woti mukaona zonse, chifukwa zinthu zimene zimaonetsedwa m'menemo ndi pafupifupi 35,000, ndipo munthu amene amathamanga kuti zonsezo azione amatuluka miyendo ili yolemera, osakumbukira n'chimodzi chomwe. Langizo langa ndi lakuti mukalowe ngati mukukaona nyumba ya mafumu, zithunzi muzikaziona monga katundu wa m'nyumbamo.

Ndikutero chifukwa malowa sanamangidwe kuti azisungiramo zithunzi. Cha m'ma 1190 mfumu Philippe Auguste inamanga linga m'mphepete mwa mtsinje wa Seine pofuna kuteteza mzinda wa Paris, ndipo m'zaka za m'ma 1300 mfumu Charles V inasandutsa lingalo kukhala nyumba yogonamo. Mu 1546 François I analamula mmisiri Pierre Lescot kuti ayambe kumanga nyumba yatsopano pamalo pa yakaleyo, ndipo mafumu otsatira ankangowonjezera, aliyense mbali yake. Louis XIV atasamukira ku Versailles mu 1682, zipinda zambiri zinatsalira ojambula ndi osema ziboliboli, mpaka pa 10 Ogasiti 1793, patatha chaka ufumu utagwetsedwa, pamene boma latsopano linatsegula zitseko kuti anthu wamba aone chuma chimene kale chinali cha mfumu yokha.

Mukalowa pansi pa piramidi yagalasi, imene inatsegulidwa mu 1989 ndipo anaikonza ndi I. M. Pei, mudzaona makomo atatu olembedwa Denon, Sully ndi Richelieu. Chikhamu chonse chimathamangira ku Denon, kumene kuli Mona Lisa. Inu mukhotere ku Sully ndipo mutsikire pansi, kumene kuli maziko a linga la Philippe Auguste amene anafukulidwa m'zaka za m'ma 1980. Mudzayenda m'ngalande yeniyeni imene inkazungulira lingalo, makoma amiyala ali mbali zonse, ndipo mukayandikira mudzaona timazizindikiro timene osema miyala ankagoba pa mwala uliwonse umene amaliza, pofuna kuti ntchito yawo iwerengedwe pa nthawi yolandira malipiro. Auzeni ana kuti afufuze timazizindikiroto, chifukwa mwana amene wadzipezera yekha chinthu chotere sachiiwala msanga.

Kuchokera pamenepo pitani ku Richelieu. Mbali imeneyi inali maofesi a unduna wa zachuma mpaka 1989, ndipo n'kumene kuli zipinda zotchedwa Appartements Napoléon III, zokhala ndi mipando yofiira, nyale zikuluzikulu zolendewera kudenga ndi tebulo lalitali la madyerero. Zipindazi zinakonzedwera nduna ya boma, osati mfumu yeniyeniyo, koma ndi zimene zimaonetsa bwino mmene akuluakulu a nthawi imeneyo ankakhalira. Pansi pa mbali yomweyo pali mwala wakuda wa malamulo a Hammurabi, mfumu ya ku Babulo, wotalika kuposa mamita 2, umene unapezeka ku Susa mu 1901. Amene anakulira m'tchalitchi adzazindikira lamulo la diso kulipa diso lili pamwalapo. Chapafupi pomwepo pali ng'ombe zamphongo zamiyala, zamapiko ndi nkhope ya munthu, zimene zinkalondera makomo a nyumba ya Sargon II ku Khorsabad, mfumu ya Asuri yomwe ija imatchulidwa pa Yesaya 20. Ana awerenge miyendo yake: adzapeza isanu, chifukwa wosemayo anafuna kuti ng'ombeyo izioneka yoima ukaiyang'ana kutsogolo, koma yoyenda ukaiyang'ana cham'mbali.

Tsopano za Mona Lisa. Musadabwe kumuona wamng'ono, pakuti chithunzicho ndi cha masentimita 77 m'litali ndi 53 m'lifupi, chojambulidwa pa thabwa, ndipo chili kuseri kwa galasi lochindikala m'chipinda chotchedwa Salle des États. Mudzaima pamzere, mafoni ali m'mwamba mbali zonse, ndipo alonda adzakuuzani kuti musunthe musanakhutire. Kutchuka kwake kunakula kwambiri atabedwa mu 1911 ndi Vincenzo Peruggia, amene anagwirapo ntchito m'nyumbamo, n'kudzapezeka ku Florence mu 1913. Sindikunyoza luso la Leonardo da Vinci, koma kwa ine chinthu chachikulu m'chipindamo chili kumbuyo kwanu. Mukatembenuka mudzaona chithunzi cha ukwati wa ku Kana chojambulidwa ndi Veronese, chotambalala pafupifupi mamita 10, chokhala ndi anthu oposa 100, oimba, operekera zakudya, agalu pansi, ndi wantchito amene akutsanula vinyo kuchokera mumtsuko. Anthu ambiri amachifulatira pojambula Mona Lisa.

Chithunzi cha ukwatichi chinachotsedwa ku nyumba ya amonke ya San Giorgio Maggiore ku Venice mu 1797 ndi asilikali a Napoleon, ndipo sichinabwererenso. Ndi bwino ana adziwe kuti si zonse zili m'nyumba zoterezi zimene zinabwera mwamtendere. Nkhaniyi ikukhudzanso Africa, pakuti mu 2021 dziko la France linabweza ku Benin zinthu 26 za mafumu a ku Abomey zimene asilikali ake analanda mu 1892. Ngati mukufuna kuona zosemasema za kwathu ku Africa zochuluka, malo ake ndi Musée du quai Branly, pafupi ndi nsanja ya Eiffel, ndipo amenewo afunika tsiku lakelake.

Pa za kayendedwe, Louvre satsegula Lachiwiri lililonse, pamene Lachitatu ndi Lachisanu amatseka mochedwa, 9 koloko usiku, ndipo madzulo oterowo anthu amachepako. Matikiti gulani pa intaneti pa tsamba lawo lenilenilo musananyamuke, musankhiretu ola lolowera. Ana osakwana zaka 18 salipira, komabe muwasungire malo pamodzi ndi inu. Kuyambira Januwale 2026 alendo ochokera kunja kwa mayiko a European Economic Area (mgwirizano wa zachuma wa mayiko ambiri a ku Ulaya), kuphatikizapo okhala ku Britain, amalipira mayuro 32. Sitima yapansi panthaka ya nambala 1 kapena 7 idzakutsitsani pa siteshoni ya Palais Royal–Musée du Louvre, ndipo khomo la Carrousel du Louvre, lolowera ku msewu wa Rivoli, kawirikawiri limakhala ndi mzere waufupi kuposa la pa piramidi. Masutikesi akuluakulu saloledwa, ndipo foni ndi kachikwama ka ndalama muzisunge kutsogolo, popeza opisa m'matumba amakonda pamene pali chikhamu. Pansi pa piramidi palinso holo imene mumachitika zoimbaimba, makanema ndi nkhani za akatswiri, choncho onani ndondomeko ya sabata imene mukupitayo. Ana akatopa, munda wa Tuileries uli pakhomo pomwepo, ndipo mipando yake yobiriwira amakhalapo aliyense mwaulere.

Chomaliza, ngati mukuyendera pasipoti ya Malawi, chilolezo chanu chokhalira ku Britain sichikulolani kulowa mu France. Mufunika viza ya Schengen (yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya, kuphatikizapo France), inu ndi mwana aliyense amene ali ndi pasipoti ya Malawi, ndipo masiku okaonekera ku ofesi ya viza amadzaza msanga ikayandikira holide ya sukulu, choncho yambani zimenezo musanagule matikiti a Eurostar, sitima yapamtunda yochokera ku London kupita ku Paris.