Rejimenti ya asilikali apakavalo inkayenda bwanji? Yankho kwa aphunzitsi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene amaphunzitsa mbiri kusekondale. Akuti ana ake anaonera filimu ya nkhondo yapachiweniweni ya ku America, ija ya 1861 mpaka 1865, ndipo anamupanikiza ndi mafunso: rejimenti imodzi ya asilikali okwera pa akavalo inkakhala ndi anthu angati, ankalamulirana bwanji, nanga n'zoona kuti ntchito yawo inali kuthamanga malupanga ali m'mwamba?

Aphunzitsi, kuti tisamangolankhula zam'mlengalenga, nditenga gulu limodzi lenileni, 8th Illinois Cavalry ya mbali ya Kumpoto, tiyende nalo.

Gululi linasonkhanitsidwa m'tauni ya St. Charles ku Illinois, ndipo linalumbiritsidwa pa 18 September 1861. Amene analisonkhanitsa ndi John F. Farnsworth, wandale wodana kwambiri ndi ukapolo, moti anthu ankangolitchula kuti rejimenti ya ofuna kuthetsa ukapolo. Iyeyo ndiye anakhala Colonel woyamba, kutanthauza mkulu wa rejimenti yonse. Musadabwe kuti wandale akulamulira asilikali. Magulu ambiri pa nkhondo imeneyo anayamba choncho: munthu wodziwika m'dera ankalandira chilolezo, n'kuitana anyamata a m'matauni ndi m'mafamu oyandikana. Ndiye kampani imodzi inkadzaza ndi anthu odziwana kuyambira ali ana, ndipo tsiku likawaipira, maliro ankagwera dera limodzi.

Papepala dongosolo lake linali losavuta. Makampani 12, otchulidwa ndi zilembo A mpaka M, koma J ankamudumpha. Kampani iliyonse inali ndi anthu pafupifupi 100 pansi pa kaputeni. Makampani awiri ankapanga sikwadironi, anayi ankapanga bataliyoni yotsogozedwa ndi meja, ndipo mabataliyoni atatu ndiye rejimenti, anthu pafupifupi 1,200. Izi ana angaloweze m'mphindi zisanu. Koma auzeni kuti ndi za papepala. Pofika pa nkhondo ya ku Gettysburg mu July 1863, gulu lomweli linali ndi anthu osakwana 500. Ena anali atamwalira, ena ali m'zipatala, ena atatumizidwa ku ntchito zina, ndipo ena analipo bwinobwino koma akavalo awo anali atatheratu.

Apa ndi pamene ine ndimaona kuti mafilimu amatinamiza kwambiri. Mwini rejimenti weniweni anali kavalo. Lamulo la asilikali linkati kavalo mmodzi azidya mapaundi 14 a udzu wouma ndi mapaundi 12 a mbewu tsiku lililonse. Tiyeni tiwerengere m'matumba athu a makilogalamu 50: akavalo 1,000 ankafuna matumba pafupifupi 110 a mbewu pa tsiku, udzu osawerengera. Tsiku limodzi lokha! Mvula ikagwa, ngolo n'kutitimira m'matope a ku Virginia, akavalo ankawonda, misana n'kuchita zilonda chifukwa cha chishalo, ziboda n'kuola. N'chifukwa chake m'kampani munkakhala anthu okhoma zitsulo ku ziboda za akavalo ndi wosoka zishalo, ndipo amenewa sankaoneka pa zithunzi koma popanda iwo gulu silikanayenda sabata imodzi. Msilikali akafika pamsasa madzulo, ankayamba wamasula chishalo, kupukuta kavalo, kumumwetsa ndi kumudyetsa, kenako ndiye aganize za mimba yake. Zonsezi pa malipiro a madola 13 pa mwezi. Akavalo ankatha mofulumira kwambiri moti mu 1863 boma linatsegula ofesi yapadera, Cavalry Bureau, ndi khola lalikulu ku Giesboro pafupi ndi Washington, loti lizigula atsopano ndi kuchiritsa otopa. A Kumwera zinawavuta kuposa apa, chifukwa kwa iwo msilikali ankabwera ndi kavalo wakewake, ndipo akafa ankayenera kukasaka wina yekha.

Nanga ntchito yawo inali yotani? Yambiri inali yotopetsa: kulondera misewu usiku, kuzonda kumene adani alowera, kuperekeza ngolo, kunyamula mauthenga. Chaka choyamba akuluakulu a Kumpoto ankangomwaza makampani apa ndi apo ngati amtengatenga, pamene a Kumwera, pansi pa J. E. B. Stuart, ankayenda pamodzi n'kumawachititsa manyazi. Zinasintha mu February 1863 pamene Jenerale Joseph Hooker wa Kumpoto anaika magulu onse apakavalo a m'gulu lake lankhondo pansi pa ulamuliro umodzi. Pa 9 June chaka chomwecho, ku Brandy Station, 8th Illinois inali nawo pa nkhondo yaikulu koposa ya apakavalo m'nkhondo yonseyo, ndipo kumeneko malupanga anagwiradi ntchito. Choncho filimu ija sinaname kotheratu. Yangotenga za tsiku limodzi n'kuzisandutsa za masiku onse.

Tsiku limene gululi limakumbukiridwa nalo, anthu ake anamenya ali pansi. M'mawa wa pa 1 July 1863, alonda a Kampani E anali pa msewu wa Chambersburg kumadzulo kwa Gettysburg, n'kuona fumbi la asilikali oyenda pansi a Jenerale Henry Heth wa Kumwera. Lefutenanti Marcellus Jones anabwereka mfuti yaifupi kwa Sajeni Levi Shafer, n'kuitsamiritsa pa mtengo wa mpanda, n'kuwombera. Anthu ambiri amati chimenecho ndiye chipolopolo choyamba cha nkhondo ya Gettysburg, ngakhale a gulu lina la ku New York anakana mpaka ukalamba. Jones yemweyo anabwerera mu 1886 kukaimika mwala pamalopo, mwina kuti mkangano uthe.

Kamenyedwe kake kanali kotere. Asilikali ankawerengana anayianayi. Atatu ankatsika n'kupita kutsogolo ndi mfuti, wachinayi ankatsala kumbuyo atagwira zingwe za akavalo anayi. Ndiye kuti pa anthu 400, owombera anali 300 basi. Koma mfuti zawo zinali zoikira chipolopolo kumbuyo, munthu ankatha kuwombera atagwada kuseri kwa mpanda, mofulumira kuposa mdani amene ankasokotera onga kukamwa kwa mfuti. Motero asilikali apakavalo a Jenerale John Buford, kuphatikizapo a 8th Illinois, anachedwetsa adani kwa maola angapo mpaka oyenda pansi a John Reynolds atafika, ndipo zitunda za kumwera kwa tauniyo zinakhala m'manja mwa a Kumpoto.

Yerekezani ndi zimene zinachitika patangopita masiku awiri. Elon Farnsworth, mwana wa mchimwene wake wa Colonel woyamba uja, anali kaputeni mu 8th Illinois mpaka kumapeto kwa June, pamene anamukweza kamodzin'kamodzi kukhala jenerale wa magulu ena. Pa 3 July mkulu wake, Judson Kilpatrick, anamulamula kuti iye ndi asilikali ake, ali pa akavalo, athamangire adani pamalo a miyala ndi mitengo. Anapita. Anaphedwa pomwepo, ali ndi zaka 25, ndipo palibe chimene chinapindulidwa. Ine ndikanakhala m'kalasi mwanu, ndikanaika nkhani ziwirizi pa bolodi moyandikana, ana asankhe okha msilikali amene anagwira ntchito.

Zotsalazo ndidutsa mwachangu. Kumayambiriro kwa 1864 ambiri analembetsanso. Anakhala akusakana ndi zigawenga za Kumwera za John Mosby kufupi ndi Washington, ndipo mu July 1864 anamenya ku Monocacy pansi pa David Clendenin. Abraham Lincoln ataphedwa mu April 1865, iwo anali nawo posaka wakuphayo, John Wilkes Booth, komanso polondera thupi la pulezidentiyo. Anawamasula ku usilikali pa 17 July 1865.

Chiwerengero ichi ndicho muwalembere ana pomaliza phunziro. Pa zaka zinayi zonsezo, anthu 75 a gululi anafa ndi zida za adani. Amene anafa ndi matenda anali 175.