"Ndinkawerenga" kapena "ndimawerenga"? Mafunso a okonda mabuku

Mafunso a ulendo uno achokera kwa anthu amene akufuna kulemba kapena kukamba za mabuku, amene anawerenga ali ana ndiponso amene ali nawo m'manja lero. Loyambali tilitafuna kwambiri chifukwa ndi pamene ambiri amapunthwa.

Funso: Ndikulemba za mmene ndinayambira kukonda mabuku. Ndalemba kuti, "Ndili ku pulayimale ndimawerenga nthano za Kalulu, pano ndimawerenga mabuku a mbiri yakale." Mnzanga akuti chiganizochi chalakwika, koma ndikachiwerenga mokweza chikumveka bwino. Walakwa ndani?

Nonse muli ndi mfundo. Pakamwa chiganizocho chili bwino, papepala chikutsimphina. Mwalemba "ndimawerenga" kawiri, koma mawu awiriwo si amodzi. Atchuleni pang'onopang'ono mumve. Mu oyambawo, onena zakale, liwu limakwera pa -we-: ndimaWErenga. Mu achiwiriwo, onena chizolowezi cha lero, liwu limakwera pa ndi- kenako pa -re-: NDImaweREnga. Khutu limasiyanitsa lokha osafunsa munthu. Malembedwe athu saika zizindikiro za kukwera ndi kutsika kwa liwu, choncho wowerenga amangoona mawu ofanana, n'kuyamba kubwerera m'mbuyo kuti adziwe ngati mukunena za kale kapena za lero.

Mankhwala ake ndi -nka-. Lembani kuti, "Ndili ku pulayimale ndinkawerenga nthano za Kalulu, pano ndimawerenga mabuku a mbiri yakale." Phatikizo -nka- limanena chinthu chimene chinkachitika mobwerezabwereza kapena kwa nthawi yaitali kalekale, ndipo silingasokonezeke ndi za lero. Ndinkabisa buku m'kati mwa kope, agogo ankatikambira nthano, tinkalimbirana buku limodzi ana asanu. -ma- wonena zakale msungireni zinthu zachitika posachedwa, pamene chiganizo chikuonetsa chokha nthawi yake: "Mmene mumaimba foni muja ndimawerenga."

Chenjerani, -nka- salowa pa chinthu chimene chinachitika kamodzi n'kutha. "Ndinkamaliza bukulo mu 2004" si Chichewa chabwino ngati munalimaliza kamodzi. Apo pakufunika -na- kapena -da-: ndinamaliza, ndidamaliza. Awiriwa onse ndi olondola. -da- amamveka kwambiri m'chigawo chapakati ndipo ndi amene ambiri anaphunzitsidwa kusukulu polemba zakale, pamene -na- wafala m'matauni ndi kum'mwera. Chimene sitikondwera nacho n'kuwasakaniza m'ndime imodzi, uku "ndidagula" uku "ndinawerenga". Sankhani mmodzi muyende naye mpaka kumapeto.

Mukafika pa mabuku a posachedwa, nthawi ya mneni imasinthanso. "Ndawerenga buku lija" akutanthauza kuti ntchito yatha ndipo nkhaniyo ikadali yotentha m'mutu. Kutsindika kuti ndi pompano, nenani kuti "ndangolimaliza kumene". -a- wa mu "ndawerenga" sayenda ndi nthawi yakutali. "Ndaliwerenga mu 2004" ikumveka ngati nsapato ya kumanzere ku mwendo wa kumanja. Ngati simukufuna kutchula nthawi, mukungonena kuti m'moyo mwanu munakumanapo nalo, ikani -po: "ndinaliwerengapo". Ngati simunalimalize, "ndikuliwerengabe" kapena "ndikadali kuliwerenga". Musafupikitse kukhala "ndikadaliwerenga", chifukwa papepala mawu amenewo angamvekenso ngati odandaula: ndikadaliwerenga ndikadakhala ndi nthawi.

Potsutsa, penyetsetsani lembo lomaliza. Timati "sindinkawerenga" ndi "sindimawerenga", kuthera ndi -a, koma "sindinawerenge", kuthera ndi -e. Ndipo "sindinaliwerenge" ali pawiri nayenso: mwina mukunena zakale zimene zinapita, mwina mukunena kuti mpaka pano simunalitsekule koma mudzatero. Pa tanthauzo lachiwirili wonjezerani -be, "sindinaliwerengebe", nkhani ithe.

Funso: Ndimaona ena akulemba "buku", ena "bukhu". Komanso mwana wanga amati "buku yanga ndaiwerenga". Ndimukonze?

Mukonzeni. Buku lili m'gulu la mayina la Li-Ma, limodzi ndi tsamba, dzina, khasu. Choncho timati buku ili, buku langa, buku labwino, buku limodzi, ndaliwerenga. Akachuluka: mabuku awa, mabuku anga, mabuku abwino, mabuku awiri, ndawawerenga. Mwana wanuyo akukokedwa ndi mayina ena obwereka amene anagwera m'gulu la I-Zi, monga nyuzipepala, magazini, foni: nyuzipepala yanga ndaiwerenga. Nawonso "magazini" amapusitsa, chifukwa ma- wakeyo si wa zambiri. Magazini imodzi ndi magazini ndithu.

Pa kalembedwe, ambiri potchula amatulutsa mpweya pa k, n'chifukwa chake mumaona "bukhu". Mabuku a kusukulu ndi Baibulo amalemba "buku", ndipo ife tikulangiza kutsata zimenezo.

Pochepetsa timati kabuku, timabuku. Ma- wa zambiri satayika. Pokuza, galamala imalola "chibuku", koma mukauza anthu kuti mwagona ndi chibuku usiku wonse adzaganiza za mowa wa m'mapaketi. Ingonenani kuti buku lalikulu. Musaiwalenso kuti lolembamo ana asukulu ndi kope, makope. Pepala lililonse la m'buku ndi tsamba, kunja kwake ndi chikuto. "Mutu" umagwira ntchito ziwiri, dzina la buku lonse ndiponso chigawo cha m'kati, choncho "mutu wa bukuli" ndi dzina lake, pamene "mutu 4" ndi chigawo chachinayi, chimene ena amati chaputala.

Funso: Mnzanga anandilembera uthenga wakuti, "Ndinabwereka mphunzitsi buku lija." Ndani ali ndi buku tsopano?

Mphunzitsi. Mneni "bwereka" amayenda mbali zonse ziwiri, kupereka ndi kulandira, ndipo chimene chimaonetsa kolowera buku ndi kamawu kakuti "kwa". Munthu akabwera pambuyo pa mneni popanda "kwa", ndiye walandira: ndinabwereka mphunzitsi buku, ndinamubwereka buku. Pakakhala "kwa", munthuyo ndiye mwini: ndinabwereka buku kwa mphunzitsi. Kamawu kamodzi kakasowa, buku lasintha manja.

Povuta ndi pa "Ndibwereke buku". Kungakhale kupempha kuti mnzanu akupatseni, kungakhalenso kunena kuti inuyo mukatenge kwina, monga "Ndikupita ku laibulale kuti ndibwereke buku". Popempha munthu wamkulu, "Mundibwerekeko buku lanu lija" sasiya chikayiko, ndipo -ko akufewetsa pempho. Amene ntchito yawo ndi kupereka zinthu kwa anthu kuti adzabweze timati amabwereketsa: laibulale imabwereketsa mabuku. Mukakayika ngati akumvani, gwiritsani "bwereketsa" popereka, "bwereka kwa" polandira.

"Kukongola" ndi nkhani ina. Chobwereka chimabwerera chomwecho. Chokongola mumadya kapena kugwiritsa ntchito n'kudzabweza china cholingana nacho, monga ndalama kapena ufa. Anthu amanenadi kuti "kubwereka ndalama" ndipo palibe amadabwa. Koma mukati "ndakongola buku", womva adziwa kuti mwalitenga kwa wogulitsa, ndalama mudzapereka mwezi ukatha.

Funso: Ndinalemba kuti agogo anga anali ndi mabuku osawerengeka, wina n'kundifunsa ngati anali ong'ambika. Ndinalakwitsa chiyani?

Simunalakwitse, koma mwaponda pamene "werenga" amagawikana. Mneni yemweyu ndi wa malemba, ndi wa manambala: kuwerenga kalata, kuwerenga mbuzi. Nthawi zambiri dzina lotsatira limaonetsa tanthauzo, pakuti mbuzi ilibe malemba. Buku ndiye limalola zonse ziwiri. "Mabuku osawerengeka" angakhale ochuluka kwambiri, angakhalenso ofufutika malemba kapena odyedwa ndi chiswe. Pofuna kunena kuchuluka, "mabuku ambirimbiri" kapena "ankhaninkhani" sakhala ndi msampha. Chimodzimodzi "mabuku owerengeka" kawirikawiri amamveka kuti ndi ochepa, osati osavuta kuwerenga.

Misintho ina ya mneniyu ili ndi timisampha take. "Kuwerengera" ndi kuwerenga kuti wina amve (ndinkawerengera agogo kalata), ndi kukonzekera (akuwerengera mayeso), ndi malo kapena chipangizo (chipinda chowerengera, magalasi owerengera), ndiponso kudalira (ndalama imeneyo musaiwerengere). "Kuwerengetsa" ndi kuchititsa wina kuwerenga, monga amachitira mphunzitsi wa sitandade 1. "Kuwerengetsera" kwachoka kale ku mabuku, kwapita ku masamu a ndalama. Kuwerenga mosamala kwambiri ndi "kuwerengetsetsa".

Funso: Buku la nkhani yopeka lalitali tizilitcha nthano kapena nkhani? Nanga wolilemba ndi mlembi?

Kwa munthu wakumudzi, nthano ndi ija ya madzulo, yoyamba ndi "Padangokhala" omvera n'kumavomera "Tili tonse", ya Kalulu, Fisi ndi Kamba, kawirikawiri yokhala ndi nyimbo pakati. Nkhani ndi dengu lalikulu: za pawailesi, za kubwalo la milandu, zocheza, zoona ndi zopeka zomwe. M'maphunziro a Chichewa kusekondale dzina lakuti nthano linatambasulidwa mpaka kufikira nkhani zopeka zolembedwa, ndipo anthu a m'nkhanimo amatchedwa apangankhani. Kunja kwa kalasi, mukauza munthu kuti mukuwerenga nthano adzayembekezera Kalulu. "Buku la nkhani yopeka" limamveka kwa aliyense, ndipo zija za m'dengu la agogo muzitche nthano zamakolo.

Mlembi ndi wolemba onse amagwira. Kusiyana kwake n'kwakuti mlembi ndi udindo, ndipo ndi yemwenso amalemba zokambirana pamsonkhano wa mpingo kapena wa banki m'khonde. "Mlembi wa mabuku" kapena "wolemba bukuli" amachotsa chisokonezo. Wa ndakatulo ndi mlakatuli, ndipo ndakatulo salankhula, amalakatula.

Pomwepa tikonzeretu cholakwika chimene chadzaza pa Facebook ndi WhatsApp: "munthu okonda mabuku", "mwana owerenga bwino". Munthu mmodzi ndi wokonda, wowerenga, wolemba. O- ndi wa anthu ambiri kapena wa ulemu: ana owerenga, abambo okonda mabuku. Buku limene mumalikonda koposa ndi "buku langa lapamtima". Mawu akuti "chikhalidwe chowerenga", amene amaoneka m'manyuzipepala, ife timawaona olemera mopanda chifukwa. "Chizolowezi chowerenga" ndi chimene munthu angauze mnzake pakhonde.

Funso: Ndapeza mabuku akale a bambo anga olembedwa "cifukwa", "mau", "nchito", "ndiri". Kodi ndi Chichewa cholakwika?

Ayi, ndi malembedwe a nthawi yawo. Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo malamulo ake oyamba a kalembedwe anatuluka mu 1973, n'kukonzedwanso mu 1980 ndi mu 1990. Kuyambira 1996 ntchito yoyang'anira ziyankhulo ili m'manja mwa Centre for Language Studies ku Zomba. Mabuku osindikizidwa malamulowa asanabwere, kuphatikizapo Buku Lopatulika la 1922, amatsata njira yakale. Ku Zambia c uja akadalipo: Cinyanja, cabwino.

Kuti muwawerenge osapunthwa, gwirani mfundo iyi: c wakale ndi ch wa lero, ndipo ch wakale ndi tch wa lero. Cinthu ndi chinthu, cifukwa ndi chifukwa. Koma chimo ndi tchimo, kuchula ndi kutchula, nchito ndi ntchito. Amene sadziwa mfundo yachiwiriyi amawerenga ch wakaleyo mofewa ngati wa lero, mawu n'kumveka achilendo. "Wace" ndi "cace" ndi wake ndi chake. "Mau" lero timaika w pakati, mawu. Mudzakumananso ndi ŵ wa kadenga, monga mu aŵiri ndi kudziŵa. Amaimira katchulidwe kamene kakumveka mwa apo ndi apo masiku ano, ndipo manyuzipepala ambiri anamusiya.

Za "ndiri" ndi "ziri": lamulo lakuti r amatsatira e kapena i likugwirabe m'kati mwa tsinde la mawu, n'chifukwa chake timalemba werenga, mbiri, phiri. Koma l woyamba tsinde sasintha chifukwa cha phatikizo lamubwerera kutsogolo. Timalemba ndili, zili, ndilemba, chilembo.

Mukamakopera mawu a m'buku lakale m'nkhani yanu, asiyeni mmene alili, muwaike m'mitengero. Anu okha ndiwo mulembe mwa lero. Ndipo onetsetsani kachizindikiro ka m'mwamba pa "m'buku" ndi "m'mabuku": kakuimira u wa "mu" amene wagwa. Mlembi ndi mlakatuli alibe kachizindikiroko, chifukwa m- wawo ndi wa gulu la dzina, sakunena malo.