Mafuta a nsomba ndi nyamakazi ya amayi

Achemwali, mwafunsa ngati mafuta a nsomba angachepetsedi ululu wa nyamakazi ya amayi anu, kapena ndi nkhani ya otsatsa malonda chabe. Choonadi chilimo, koma timvetsetsane kaye.

Mafuta amene timadya sangotinenepetsa ayi. Ena amakakhala m'kakhungu kokuta maselo oteteza thupi, ndipo selo likakumana ndi kachilombo kapena bala limatapa mafuta omwewo n'kupanga mauthenga oitana anzake. Mafuta a mpendadzuwa, soya ndi mtedza ali ndi mtundu wa mafuta wotchedwa omega-6, ndipo ena mwa iwo thupi limawasandutsa mafuta ena otchedwa arachidonic acid. Apo ndi pamene pamachokera ma prostaglandin, obweretsa kutupa, kutentha ndi ululu. Aspirin amatseka njira imeneyi, monga anatulukira wasayansi John Vane mu 1971, ndipo brufen amachitanso chimodzimodzi. Musawade mafuta amenewa, pakuti popanda kutupa pang'ono bala silipola.

Nsomba zonona zili ndi mafuta a omega-3, makamaka a mitundu iwiri yotchedwa EPA ndi DHA. Akalowa m'selo amalanda malo ena a arachidonic acid, mauthenga otupitsa n'kuyamba kufooka. Chimene chimandigwira mtima ndi chimene Charles Serhan ndi anzake ku yunivesite ya Harvard anapeza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000: kuchokera ku omega-3 thupi limapanga ma resolvin, ouza maselo kuti ntchito yatha, chotsani zinyalala, bwererani. Kutupa sikungozilala kokha, kumachita kuzimitsidwa.

Tsono amayi akudwala nyamakazi iti? Pa ya rheumatoid, imene chitetezo cha thupi chimaukira mfundo za mwini wake, kafukufuku anaonetsa kuti kuuma kwa zala m'mamawa kumachepa ndithu, koma pakapita miyezi ngati 3, ndiponso pomwa pafupifupi magalamu 3 a EPA ndi DHA tsiku lililonse. Mbale imodzi ya ndiwo kawirikawiri siifika pamenepo. Pa nyamakazi ya ukalamba, ya kuperepeseka kwa mawondo, umboni ndi wofooka.

Usipa ndi kalapau azidya ndithu, koma muziwaphikira ndi tomato ndi anyezi, osati kukazinga m'mafuta oderatu aja obwerezabwereza. Chonde asasiye mankhwala a kuchipatala, chifukwa mafuta a nsomba saletsa mfundo kuwonongeka. Ngati amamwa warfarin kapena mankhwala ena oletsa magazi kuundana, afunse adokotala musanawagulire makapisozi.