Mwana wanga ali kunkhondo ku Cabo Delgado: kodi ndingamangidwe chifukwa cha zomwe ndimatumiza pa WhatsApp?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Ulongwe, ku Angónia. Dzina lawo ndilisunga. Mwana wawo ndi msilikali ndipo ali ku Cabo Delgado. Akapeza netiweki amawatumizira mawu pa WhatsApp, kudandaula za njala, za anzake ovulala, nthawi zina n'kutchula ndi mudzi umene agona. Mayiwa amapititsa mawuwo ku gulu la amayi a kutchalitchi kuti azimupempherera. Tsiku lina mnzawo anawakokera pambali kumsika n'kuwanong'oneza kuti, "Siyani zimenezi, dziko lili pankhondo, mumangidwa." Ndiye akufunsa kuti: kodi n'zoona kuti nthawi ya nkhondo munthu saloledwa kuyankhula?

Mayi, pepani ndi nkhawa imene mukugona nayo. Mnzanuyo sananame zonse, komanso sananene zoona zonse.

Ndime 48 ya malamulo aakulu a dziko lathu la Mozambique imapatsa nzika iliyonse ufulu woyankhula, wofalitsa nkhani ndi wodziwa zimene zikuchitika. Kulira kwa mfuti pakokha sikufufuta ndime imeneyi. Kuti boma lichepetse ufuluwu chifukwa cha nkhondo, pulezidenti amayenera kulengeza poyera chimene pa Chipwitikizi amati estado de sítio kapena estado de emergência, aphungu a nyumba ya malamulo n'kuvomereza. Chilengezocho sichipitirira masiku 30, ndipo chikhoza kuwonjezeredwa katatu kokha. Pamenepo m'pamene boma limaloledwa kuika malire pa nyuzipepala, wailesi, makalata ndi misonkhano. Tinaziona mu 2020 nthawi ya Covid, pamene pulezidenti wa nthawiyo, a Filipe Nyusi, analengeza estado de emergência. Koma chiyambire nkhondo ya ku Cabo Delgado pa 5 Okutobala 2017 ku Mocímboa da Praia, chilengezo chotere sichinaperekedwe chifukwa cha nkhondoyo. Choncho pa malamulo, ufulu wanu uli chilili.

Pali malo awiri pamene lamulo limaluma ngakhale popanda chilengezo. Poyamba pali lamulo lolimbana ndi uchigawenga. Limati munthu wofalitsa poyera nkhani ya zigawenga akudziwa kuti ndi yabodza kapena yokhotetsedwa kwambiri, n'cholinga choopseza anthu ndi kusokoneza mtendere, akhoza kukhala kundende zaka ziwiri mpaka zisanu ndi zitatu. Taonani mawuwo bwino: akudziwa kuti ndi bodza, ndipo akufuna kuopseza. Mayi wopempha mapemphero sali m'gulu limeneli. Komabe a MISA Moçambique, bungwe loteteza atolankhani, anadandaula nalo lamuloli, ndipo ine ndili mbali yawo, chifukwa amene amayamba kuweruza kuti nkhani ndi yabodza ndi boma lomwelo limene nkhaniyo ikulichititsa manyazi. Chachiwiri ndi lamulo la zinsinsi za boma, lakalekale la 1979, limene likugwirabe ntchito.

Apa ndikupempheni chinthu chimodzi, ndipo sindikuchipempha chifukwa choopa ndende. Mawu amene mwana wanu watchulamo mudzi umene ali, chiwerengero cha anzake, kapena tsiku lonyamuka, musawapititsenso kwa wina aliyense. Gulu la WhatsApp lili ngati dengu lobooka. Mayi mmodzi atumizira mlongo wake wa ku Moatize, iye atumizira mnzake wa ku Nampula, dzuwa lisanalowe mawu a mwana wanu ali m'foni ya munthu amene inu simudzamudziwa. Malire amenewa ine ndimawavomereza ndi mtima wonse, poti akuteteza moyo wa mwana wanu yemweyo. Dziwaninso kuti iye monga msilikali ali pansi pa malamulo okhwima kuposa anu, ndiye amene angayambe kuvutika ndi iyeyo.

Ndikanakunamizani ndikanati zolembedwa m'malamulo ndi zimene zimachitika nthawi zonse. Mu Januwale 2019 mtolankhani Amade Abubacar wa wailesi ya m'dera ku Macomia anagwidwa akucheza ndi anthu othawa nkhondo, anasungidwa kwa asilikali masiku angapo osaonana ndi loya, ndipo anatuluka mu Epulo. Ibraimo Mbaruco wa wailesi ya ku Palma anasowa pa 7 Epulo 2020 atangotumizira mnzake uthenga woti wazunguliridwa ndi asilikali. Mantha a mnzanu uja ali ndi pochokera.

Nanga bwanji sindikukuuzani kuti mungotseka pakamwa? Chifukwa ndife anthu a ku Tete. Pa 16 Disembala 1972 asilikali a Apwitikizi anapha anthu pafupifupi 400 ku Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nayo, kufupi ndi mzinda wa Tete. Nthawi imeneyo nkhani iliyonse inkayamba yadutsa m'manja mwa boma isanasindikizidwe, ndipo chifukwa chake ankati ndi nkhondo. Opulumuka anafotokozera ansembe ndi masisitere, iwo n'kulemba mayina a akufa, mpaka wansembe Adrian Hastings anaitulutsa nkhaniyo m'nyuzipepala ya The Times ku London mu Julaye 1973. Boma la ku Lisbon linakana kwamtuwagalu. Panatenga zaka pafupifupi 50 kuti nduna yaikulu ya Portugal ya nthawiyo, António Costa, apepese ali ku Maputo mu 2022. Opulumuka aja akanamvera zoti pankhondo sayankhula, bwenzi lero tikungodutsa pamalopo osadziwa kanthu.

Zina ndi zadzana lomweli. Mu 2016 anthu oposa 10,000 anathawa kumadera a Moatize ndi Tsangano kupita ku Kapise, m'boma la Mwanza ku Malawi, pa mkangano wa asilikali a boma ndi a Renamo. Zimene zinkachitika m'midzi yawo tinazimva kuchokera pakamwa pa iwo eni, atakhala m'misasa ya mapepala apulasitiki. Ine ndimakumbukanso bambo anga nthawi ya nkhondo ija inatha mu 1992, atagwada pafupi ndi kawailesi usiku, mawu atatsitsa mpaka pansi, mayi ataima pakhomo kuyang'ana ngati kukubwera munthu. Sankapanga chiwembu chilichonse. Ankangofuna kudziwa ngati msewu umene mbale wawo anadzera unali wabwino.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, mayi. Kunena kuti mwana wanu akugona ndi njala si mlandu. Kufunsa chifukwa chake nkhondoyi ikutenga zaka zonsezi si mlandu. Ku gulu la amayi kuja, m'malo mopititsa mawu ake, jambulani anuanu: "Mwana wanga ali moyo, akuvutika, timupempherere." Uthenga wa kuukira kwa zigawenga umene simukudziwa kumene wachokera, ulekeni ufere m'foni mwanu. Ndipo tsiku lina akadzakuitanani kupolisi chifukwa cha zimenezi, musapite nokha, funsani kuti mlandu wake ndi uti, pemphani loya, ndipo ngati mulibe ndalama kuli a IPAJ, amene ntchito yawo ndi kuimira anthu osauka kwaulere. Musasaine pepala limene sanakuwerengereni m'chiyankhulo chimene mukumva.

Mwana wanu akadzaimbanso, mumuuze kuti asamatchule malo. Mundilemberenso kuti ndimve mmene alili.