Ndalama ya pa pepala ikasiyana ndi imene munatumiza

Mayi a ku Area 25, mwalemba kuti munabwereketsa K600,000 kwa mnzanu wa bizinesi pa chiwongoladzanja cha 30 peresenti pamwezi, monga mumachitira ndi ena a m'gulu lanu la WhatsApp kuti mpamba uziswana, ndipo tsopano sakuyankhanso foni. Apolisi anakubwezani, pomwe achibale ake akuti mudikire akolole.

Chimene chandidetsa nkhawa ndi mfundo imene mwaiika kumapeto ngati yosafunika: pa pepala la mgwirizano munalembapo kuti iye walandira K780,000, pamene pa Airtel Money panadutsa K600,000 yokha. Obwereketsa ambiri amachita zimenezi poganiza kuti akabisa chiwongoladzanja m'kati mwa ndalama yeniyeni khoti silidzachiona, koma milandu imene ndaiona ikugwa yagwera pomwepa. Wongongolayo amangoonetsa uthenga wa pa foni yake, majisitireti n'kufunsa kumene K180,000 inayo inadutsira, ndipo wodandaula akachita chibwibwi, umboni wake wonse umayamba kukayikitsa, ngakhale pa zimene akunena zoona. Kuwonjezera apo, lamulo la Loans Recovery Act limapatsa khoti mphamvu younikanso mgwirizano wa ngongole likaona kuti chiwongoladzanja n'chopyola muyezo ndi chopondereza, n'kulamula kuti wongongola abweze zokhazo zimene khotilo laona kuti n'zoyenera. Siginecha yake siitseka khomo limeneli, ndipo 30 peresenti pamwezi ndi mlingo umene anthu ambiri amautcha katapila.

Choncho musakasume potsamira pa K780,000 ngati ndalama imene munapereka. Nenani zoona: mpamba unali K600,000, chiwongoladzanja chimene munagwirizana chinali chakuti, zimene wabweza kale ndi zakuti. Mwayi woti khoti ligamule kuti mpamba wanu ubwerere ulipo ndithu ngati umboni uli bwino, koma za chiwongoladzanja sindingakulonjezeni, pakuti chikhoza kudulidwa kwambiri. Dziwaninso kuti ngati mukubwereketsa kwa anthu ambiri monga bizinesi, mukhoza kufunsidwa za chiphaso pansi pa malamulo a Financial Services Act ndi Microfinance Act a 2010, amene amayang'aniridwa ndi Bwanamkubwa wa Reserve Bank of Malawi. Kaonaneni ndi loya pa mfundo imeneyi musanakalankhule m'khoti.

Apolisi sanalakwe kukana kutolera ngongole, popeza kulephera kubweza pakokha si mlandu wa upandu, ngakhale zimanditopetsa kuti ena mwa iwo amangobweza munthu osamuuza koyenera kupita. Achibale aja musawalole kukuyendetsani ndi mawu a pakamwa. Lamulo la Limitation Act limapereka zaka 6 zosumira pa nkhani ya mgwirizano, ndipo "dikirani akolole" wa amalume sayimitsa nthawi imeneyi. Chimene chingaiyambitsenso ndi kalata yovomereza ngongole yosainidwa ndi mwini wake, kapena iye kubwezako gawo lina.

Pakali pano pemphani sitetimenti ya Airtel Money ya tsiku limene munatumiza ndalama, ndipo musafufute mauthenga a WhatsApp, pakuti lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limalola mauthenga otere kukhala umboni. Mulembereni kalata yofuna ndalama yanu yotchula tsiku lomalizira, musunge kope. Tsikulo likadutsa, pitani kwa kalaliki wa khoti la majisitireti ku Lilongwe mukatenge samani. Musapite kukalanda firiji kapena njinga yake nokha kapena ndi anyamata, chifukwa kulanda katundu ndi ntchito ya masherifi khoti likagamula, ndipo mukadzichitira nokha mlandu ukhoza kukutembenukirani. Musanalipire ndalama zosumira, fufuzani ngati ali ndi katundu kapena malipiro amene chigamulo chingadzagwire.