Mwana woyenda monyang'ama: zimene ndinaphunzira mochedwa

Achemwali, nditangowerenga kuti mwana wanu wa zaka 4 sapondetsa chidendene pansi ndipo katumba wake walimba, ndasiya zonse zimene ndimachita, chifukwa mawu amene akuuzaniwo, akuti adzasiya yekha, ndi omwewo amene anandichedwetsa ine zaka ziwiri zathunthu.

Wanga anabadwa masiku asanakwane, tikukhala ku Rosettenville kuno ku Joni, ndipo anachedwa kuyenda. Nsapato yake yakumanzere inkatha kutsogolo kokha, kuchidendene ili yatsopano ngati yangochoka m'sitolo. Ndinainyamula nsapatoyo m'chikwama kupita nayo kukiliniki kuti ikhale umboni wanga. Namwino amene ndinamupeza anayang'ana khadi la kusikelo, atamva kalankhulidwe kanga anandiuza kuti ife obwera timatalikitsa mizere ndi nkhani zopanda pake, ndipo mwendo wa mwanayo sanaugwire n'komwe. Mpaka lero mtima umandiwawa ndikamukumbukira, chifukwa kumuvula mwana sokosi ndi kupinda phazi lake sikukanamutengera ngakhale mphindi imodzi.

Apongozi kumudzi atamva anati mwanayo anamuponda anthu oipa, ndipo anatitumiza kwa bambo wina kuno ku Joni amene ankati amawongola mafupa. Tinalowa m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba, mwanayo anamugoneka pamphasa, ine n'kundiuza kuti ndimupanikize pachifuwa. Bamboyo anamutema mphini pakatumba, kenako anagwira phazi ndi manja awiri n'kulikankhira m'mwamba ndi mphamvu zake zonse. Mwana wanga analira mpaka mawu anatha, anadzikodzera, ndipo atapezanso mpweya anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti, "Amayi, ndalapa, sindidzachitanso." Iye ankaganiza kuti tikumulanga, ndipo manja amene anamupanikizawo anali anga. Mwendo unatupa sabata yathunthu, ndalama ya lendi inapita, chidendene chinakhalabe m'mwamba. Munthu ameneyo ankadziwa kuti palibe chimene akudziwa, koma ndalama analandira.

Patapita nthawi tinapeza kalata yopita kuchipatala chachikulu, kumene anatiuza kuti mwanayo ali ndi cerebral palsy yochepa, vuto lochokera mu ubongo limene limakungitsa minofu, ndipo mayi wa mafizo ndiye anakhala nane pansi n'kundifotokozera zimene ndikanafuna kuzimva poyamba. Mnofu ndi mtolo wa timaulusi tambirimbiri, ndipo mwana amabadwa ali ndi pafupifupi timaulusi tonse timene adzakhale nato moyo wake wonse. Akamakula, timaulusito sitichuluka kwenikweni, koma kalikonse kamanenepa ndi kutalika, moti ulusi wa munthu wamkulu ndi wonenepa kangapo kuposa wa khanda. Thupi limapangidwa ndi tizinthu ting'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo selo wamba amakhala ndi nyukiliyasi imodzi imene imayendetsa ntchito zake, koma ulusi umodzi wa mnofu umakhala ndi manyukiliyasi mazanamazana, ondandalika m'mphepete mwake, iliyonse ikusamalira kachigawo kake ngati anthu amene agawana mizere m'munda. Munda ukakula pamafunika anthu ena, koma manyukiliyasi amene ali kale mu ulusi sangathe kugawikana kuti achuluke. Atsopano amachokera ku timaselo tina totchedwa satellite cells, timene wasayansi Alexander Mauro anatipeza mu 1961, timene timakhala chete pakhungu la ulusi kufikira titafunika, kenako timagawikana n'kulowa mu ulusiwo kukapereka manyukiliyasi ake. Timaselo timeneti timagwira ntchito kwambiri paubwana, ndipo n'chifukwa chake zaka zimene ndinataya zimandipweteka chonchi.

Kutalika kwa mnofu ndi kumene kunatisautsa ife. Fupa likamakula limakoka mnofu, ndipo ulusi umayankha powonjezera tizigawo tatsopano kumapeto kwake. Mnofu umene umakhala wokungika nthawi zonse, kapena umene sugwiritsidwa ntchito mokwanira, umatsalira m'mbuyo pamene fupa likupitirira, ndipo mapeto ake umakokera chidendene m'mwamba. Ofufuza apezanso kuti m'minofu yofupika ya ana a cerebral palsy timaselo tija timakhala tochepa kuposa mwa ana ena. Choncho panalibe fupa lopindika loti munthu aliwongole tsiku limodzi. Chimene chinalipo ndi mnofu wofupika umene unkafunika kukula pang'onopang'ono. Wanga anamuika chikhakha chimene ankachisintha pakapita masiku, akumakweza phazi pang'ono ulendo uliwonse, kenako anamupatsa chothandizira cha pulasitiki chovala m'nsapato. Tsopano amaponda pansi, ngakhale kuti akakula msanga chidendene chimayambanso kunyamuka ndipo timabwerera ku mafizo.

Komabe musachite mantha ndi nkhani yangayi, chifukwa ana ambiri amanyang'ama akangoyamba kuyenda n'kusiya okha popanda matenda alionse, ndipo mwina wanunso ali m'gulu limenelo. Koma pa zaka 4, katumba atalimba, muyenera kupita kukiliniki ya m'dera lanu, ngakhale kuti ine kumeneko n'kumene ndinanyozedwa, chifukwa kalata yopita kuzipatala zazikulu monga Charlotte Maxeke ku Parktown, Rahima Moosa ku Coronationville kapena Chris Hani Baragwanath ku Soweto imachokera kumeneko. Mukafika, muvuleni nokha nsapato ndi sokosi, muumirire kuti amuone akuyenda ndiponso kuti apinde phazilo ndi manja awo. Muwauze ngati ndi mwendo umodzi kapena yonse iwiri, ngati anabadwa masiku asanakwane, ndi msinkhu umene anayambira kuyenda. Ngati ndi mnyamata amene akatumba ake akuoneka akuluakulu koma amagwagwa, ndipo podzuka pansi amadzikankha ndi manja m'mawondo ndi m'ntchafu, mupemphe kuti amuyeze magazi a CK, chinthu chimene chimachuluka m'magazi minofu ikamawonongeka, chifukwa pali matenda ena otchedwa Duchenne amene amawononga timaulusi timeneti, ndipo amafuna chisamaliro chosiyana ndi chimene analandira wanga.

Musalole munthu aliyense kukoka mwendo wa mwana mpaka alire. Ine ndimamuwongolabe wanga madzulo aliwonse akangosamba, thupi likadali lofunda, ndikugwira chidendene m'dzanja langa ndi kukweza phazi mpaka pamene iye wanena kuti basi, monga anandionetsera a mafizo.